Anthu Amene Amaulutsa Chibaluni Ali Pansi

Ku Paarl, tauni ya m'chigwa cha mtsinje wa Berg yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Cape Town, kuli kagulu ka anthu kamene kamadzuka tambala asanalire. Amamangirira ngolo kumbuyo kwa galimoto, ndipo m'ngolomo mumakhala dengu lalikulu loti n'kulowamo anthu, masilinda a gasi, fani yoyendera petulo ndi chithumba chansalu choti munthu mmodzi sangachisunthe. Pamene dzuwa lizisuzumira kuseri kwa mapiri a Drakenstein, katundu uja amakhala atasanduka chibaluni chachitali ngati nyumba ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, chikuyandama mwakachetechete pamwamba pa minda ya mpesa.

Mlendo amalipira marandi masauzande angapo kuti akhale m'mwambamo kwa ola limodzi. Akatsika amasimba za mizere ya mpesa, nkhungu yogona m'zigwa ndi thanthwe lalikulu la Paarl Rock likuwala ndi dzuwa la m'mawa. Amene sawasimba kawirikawiri ndi anthu amene amugwirira ntchito kwa maola anayi kapena asanu kuti ola limenelo litheke. Bizinesiyi iliko ku Napa Valley ku America, ku Yarra Valley ku Australia, ku Burgundy ku France ndi ku La Rioja ku Spain, koma ya ku Western Cape ndi imene ili pafupi ndi ife, chifukwa basi zonyamuka pa Wenela ku Blantyre zimatula anthu ku Joni, ndipo ambiri a iwo sathera pomwepo. Amapitirira mpaka ku Cape, kumene Amalawi adzaza m'malesitanti, m'mahotela, m'nyumba za anthu ndi m'mafamu. Mmalawi wogwira ntchito ku Stellenbosch kapena ku Franschhoek akhoza kukweza maso m'mawa wina n'kuona chibaluni chikudutsa.

Kulawirira kumeneku sikuchitika pofuna kukometsa zithunzi za alendo. Chibaluni chimakwera chifukwa mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira. M'kati mwa nsaluyo mpweya amautenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 100, ndipo kyubiki mita iliyonse imanyamula kulemera kongopitirira pang'ono kota ya kilogalamu. N'chifukwa chake chibaluni cha anthu atatu okha chimafuna makyubiki mita oposa 2,000, ndipo kunja kukazizira chimanyamula bwino. Koma chachikulu ndi mphepo. Usiku nthaka imazizira ndipo mpweya wapansi umakhazikika. Dzuwa likakwera, nthaka imatentha mosiyanasiyana, pamwala kwambiri, pamadzi pang'ono, ndipo mpweya umayamba kukwera m'mizati yosaoneka. Aliyense amene anaonapo kamvuluvulu akunyamula mapepala ndi fumbi pabwalo la mpira masana a Okutobala waona mphamvu imeneyi. Chibaluni chikagwera mumzati wotero, woyendetsa amakhala alibenso ulamuliro. Ku Cape kulinso mphepo yakummwera chakum'mawa imene eni ake amaitcha Cape Doctor, yomwe imalimba m'chilimwe. Mvula yawo imagwa m'miyezi yozizira, kotero nyengo ya zibaluni m'minda ya mpesa imakhala cha m'Novembala mpaka Epulo, ndipo ngakhale m'nyengoyo masiku ena ulendo umalephereka.

Pamalo onyamukira, choyamba kuuluka ndi kabaluni kakang'ono ka gasi wa helium. Woyendetsa amakasiya n'kumakayang'anitsitsa: kakakwera molunjika kenako n'kupatukira kumanzere, wadziwa kumene mphepo yapansi ndi yapamwamba zikulowera. Akakhutira, anyamata amagoneka dengu cham'mbali, n'kutambasula nsalu pa udzu wa mame. Awiri amagwira kukamwa kwa nsaluyo, fani n'kuyamba kubangula, kuthira mpweya wozizira mpaka nsalu itafufuma. Wina amakhala kutali, kumapeto, atagwira chingwe chomangidwa pamutu pa chibaluni. Ntchito yake ndi yolimbana nacho kuti chisadzuke mwaphuma woyendetsa akayatsa moto, ndipo amatsamira chammbuyo ndi thupi lonse, nsapato zikutsetsereka. Lamulo limene amauzidwa tsiku loyamba ndi lakuti asazengereze chingwecho kudzanja, ndipo mapazi ake akangochoka pansi achisiye. Mpaka nthawi yonyamuka, dengu limakhala lomangiriridwa ku galimoto.

Dalaivala wa minibasi ya Limbe–Blantyre ali ndi chiwongolero, mabuleki ndi siteji yodziwika. Woyendetsa chibaluni alibe chilichonse mwa zitatuzi. Ali ndi moto woti akweze, ndi chingwe chotsegulira chivundikiro chapamwamba kuti mpweya wotentha utuluke atsike. Kukhota amakhota posankha msinkhu: mphepo ya pa mamita 100 ikhoza kulowera kumpoto pamene ya pa mamita 600 ikupendekera kum'mawa, ndipo iye amakwera kapena kutsika kufunafuna imene ikumuyenera. Moto nawo suyankha pomwepo. Akayatsa, pamapita masekondi angapo chibaluni chisanamve, ndiye ayenera kuona mtengo, denga kapena waya zikadali patali. Nthawi yomweyo akuwerengera gasi wotsala, akulankhula pa wailesi ndi anzake apansi, akuyankha mafunso a alendo ndi kutonthoza amene wagwidwa ndi mantha. Ku South Africa sangatenge munthu wolipira popanda laisensi ya bungwe la South African Civil Aviation Authority, ndipo oyendetsa ambiri amasamuka ndi nyengo, miyezi ina ku Africa, ina ku Turkey kapena ku Ulaya.

Luso lake lalikulu, komabe, ndi lotha kukana. Alendo adzuka usiku, alipira kale, ena abwera kudzafunsira mbeta m'mwambamo, kampani ikufuna ndalama, anyamata nawo akudikira za tsikulo, ndipo iye ayenera kuyang'ana kabaluni kaja n'kunena kuti lero sitinyamuka. Mbiri ya ntchitoyi ikusonyeza mtengo wa kulakwitsa. Pa 7 Januwale 2012, ku Carterton m'dera lolima mpesa la Wairarapa ku New Zealand, chibaluni chinakola mawaya amagetsi n'kuyaka, anthu 11 n'kufa. Pa 26 Febuluwale 2013 ku Luxor ku Egypt, moto wa gasi unabuka m'dengu ndipo anafa anthu 19. Pa 30 Julayi 2016 ku Lockhart ku Texas, woyendetsa ananyamuka kunja kuli mitambo yotsika ndi nkhungu, nagunda mawaya, anthu onse 16 n'kutha. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti dziko la America liyambe kufuna chikalata cha dokotala kwa oyendetsa zibaluni zamalonda. Kampani imene imamuyang'ana ndi diso lofiira woyendetsa chifukwa walepheretsa ulendo siyenera kupatsidwa moyo wa munthu.

Chibaluni chikangochoka pansi, apansi amaponya fani m'ngolo n'kuyamba kuchithamangira. Dalaivala wawo ayenera kudziwa kamsewu kalikonse ka m'mafamu, geti lokhala ndi loko ndi losakhoma, mlatho umene ngolo singadutse. Cholinga n'choti afike pamalo otera chibaluni chisanafike, koma malowo palibe amene akuwadziwa, ngakhale woyendetsa. Pamenepa m'pamene pali ntchito yosaoneka pa zithunzi: kupempha. Munda wa mpesa ndi wokongola ukamauona uli kumwamba, koma ndi malo oipa kuteramo, chifukwa mzere uliwonse uli ndi mitengo ndi mawaya oyangirapo mpesa, ndipo kuthyola mpesa umene watenga zaka zitatu kapena zinayi kuti uyambe kubereka ndi mlandu. Ndiye amafunafuna dambo la ng'ombe, munda wa tirigu wokolola kale kapena bwalo. Phokoso la moto limadzidzimutsa akavalo ndi nkhosa. Makampani amasunga mapu olembapo mafamu amene eni ake anakana, ndipo wapansi ndi amene amagogoda pakhomo la mlimi, chipewa chili m'manja. Akalankhula mwamwano tsiku limodzi, chigwa chonse chimatsekeka.

Vuto la mwini munda ndi lakale ngati chibalunicho. Abale awiri opanga mapepala, Joseph ndi Étienne Montgolfier, anaonetsa chibaluni chawo cha mpweya wotentha ku Annonay ku France mu Juni 1783. Mu Ogasiti chaka chomwecho, chibaluni china cha gasi chopanda munthu chinanyamuka ku Paris n'kukagwera m'mudzi wa Gonesse, kumene alimi anachiyesa chilombo n'kuching'amba ndi mafoloko a kumunda. Mu Seputembala a Montgolfier aja anakweza nkhosa, bakha ndi tambala m'chibaluni ku Versailles, ndipo pa 21 Novembala anthu awiri, Pilâtre de Rozier ndi François d'Arlandes, anauluka pamwamba pa Paris kwa mphindi pafupifupi 25. Oyendetsa amasimba kuti anzawo akale ankanyamula botolo la champagne kuti akapepesere mlimi, ndipo mwambo wotsegula botolo akatera ulipo mpaka lero, kungoti masiku ano amamwa ndi alendo.

Alendo akamakweza matambula, anyamata amakhala akufinya mpweya munsalu, kuipinda ndi kuilongedza m'thumba, ntchito ya thukuta chifukwa nsalu ya chibaluni chachikulu imalemera makilogalamu oposa 200. Kenako kukweza dengu m'ngolo, kukadzaza masilinda, kuyanika nsalu ngati yanyowa. Ambiri ndi aganyu a nyengo, ndipo kangachepe kochokera kwa alendo kamathandiza kwambiri pa malipiro awo.

Kuseri kwa onsewa kuli amisiri awiri amene munthu wa ku Blantyre angawazindikire msanga: telala ndi woluka. Chibaluni chamakono chinayamba ndi Ed Yost, amene pa 22 Okutobala 1960 ku Bruning ku Nebraska anauluka ndi nsalu yopepuka ndi moto wa gasi wa propane. Mu 1971 Don Cameron anatsegula fakitale ya Cameron Balloons ku Bristol, ndipo kumeneko, monganso ku Ultramagic ku Spain ndi ku Kubíček ku Czech Republic, zidutswa mazanamazana za nayiloni amazilumikiza ndi anthu okhala pa makina osokera. Kukamwa amaikako nsalu ya Nomex yosagwira moto msanga. Nsaluyo imatha ndi dzuwa ndi kutentha ikauluka maola mazana angapo, ndipo chaka chilichonse woyendera amaikoka ndi chida kuti aone ngati ikadali yolimba. Dengu nalo mpaka lero ndi loluka pamanja. Zitsulo ndi mapulasitiki anaziyesa, koma choluka chimapindika chikagunda pansi n'kumeza mphamvu ya kugundako m'malo moipatsira ku mawondo a okwera. Amisiri oluka mipando m'mbali mwa misewu ya Blantyre, mipando imene ku Johannesburg ndi ku Cape Town amaigulitsa pa dzina loti Malawi chair, ali ndi manja a ntchito yomweyo. Chimene chimasiyanitsa ndi chiphaso, chifukwa dengu la chibaluni ndi chiwalo cha ndege ndipo limayenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a zandege.

Kuno ku Africa bizinesiyi inakula ndi nyama osati vinyo. Alan Root, katswiri wojambula mafilimu a zachilengedwe, anayambitsa maulendo a chibaluni ku Maasai Mara ku Kenya mu 1976. Bill Harrop anayamba ake ku Magaliesberg, kufupi ndi Johannesburg, mu 1981, ndipo ku Serengeti ku Tanzania anayamba mu 1989. Ku Zambia alendo akhala akuuluka pamwamba pa dambo la Busanga m'nkhalango ya Kafue m'miyezi yachilimwe.

Pansi pa chibaluni cha ku Cape pali antchito enanso amene nkhaniyi singawadumphe. Kukolola mphesa kumachitika kuyambira Januwale mpaka cha m'Malichi, ndipo otchola nawo amalawirira kuti zipatso zifike mosungira zisanatenthe. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu Febuluwale 1659, ndipo minda yoyambirira inakula ndi thukuta la akapolo. Pambuyo pake kunabwera mchitidwe wa dop, wolipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, umene unasiya uchidakwa ndi ana obadwa olumala m'mabanja ambiri. Kumapeto kwa 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito pofuna marandi 150 patsiku, ndipo mu 2013 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa 69 kufika pa 105. Mizere yowongoka imene mlendo amaijambula ndi foni anaidulira ndi kuimangirira ndi anthu amenewa, ndipo ola limodzi m'dengumo ndi malipiro awo a masabata.

Nanga kwathu kuno? Mu mzinda wa Blantyre mwenimweni ayi. Mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe amapotoza mphepo, mawaya a ESCOM ali paliponse, nyumba zathithikana, ndipo kumpoto kuli njira ya ndege zotera pa Chileka. Maso amathamangira ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene minda ya tiyi ingapikisane ndi munda wa mpesa uliwonse, phiri la Mulanje litaima kumbuyo ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002. Alendo amapita kale ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, kukalawa tiyi ndi kugona ku Huntingdon House. Gasi amagulitsidwa mu Blantyre, likulu la nthambi yoona zanyengo lili mu mzinda womwewu, ndipo achinyamata odziwa njira za kumidzi ndi kulankhula ndi anthu sasowa.

Zovuta zake n'zenizeni. Chiperoni chimaphimba dera limeneli ndi nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi yozizira, mwera umawomba mwamphamvu, ndipo kuyambira Novembala mvula ya mabingu imayamba. Chibaluni, zipangizo zake ndi inshuwalansi zonse n'zogula ndi ndalama zakunja. Koma chovuta koposa ndi potera. Tiyi sungamutere pamwamba, ndipo kunja kwa maesiteti a Thyolo malo ndi ochepa kwambiri: banja limadalira kamunda kosakwana hekitala, ka chimanga, nandolo ndi chinangwa. Dengu lokhwekhwereza mamita makumi awiri m'munda wotero lawononga chakudya cha ana. Amene angafune kuyambitsa ntchitoyi ayenera kuyamba wakhala pansi ndi mafumu ndi eni minda, kugwirizana za mabwalo a sukulu ndi madambo oteramo, za chipepeso cha mbewu zowonongeka, ndi za chiwerengero cha ana a m'midzimo amene adzalembedwe ntchito yogwira zingwe ndi kuyendetsa galimoto yotsatira.