Kujambula Magalimoto pa Mwambo Wowadalitsa

Pa 25 July Mpingo umakumbukira Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo ndi oyendetsa magalimoto. Ngakhale tsikuli linachotsedwa pa kalendala ya Mpingo wa pa dziko lonse m'chaka cha 1969, dzina lake likadali m'buku la oyera, ndipo mwambo wodalitsa magalimoto sunathe. Mkhristu akagula minibasi, lole kapena njinga yamoto ya kabaza, amabwera nayo kuparishi kuti wansembe aiwaze madzi odalitsidwa. Achinyamata a m'makomiti ofalitsa nkhani amajambula mwambowu, koma zithunzi zambiri zimene timalandira sitingazigwiritse ntchito. Pena galimoto yangoti mbee, pena yaduka mutu, pena bambo mfumu aoneka nsana wokha. Vuto kawirikawiri si kamera. Foni ya m'manja ndi yokwanira.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi chakuti galimoto ili ngati galasi. Penti yake imabweza chilichonse chimene chayang'anizana nayo: thambo, khoma la tchalitchi, ngakhale wojambula mwini wake. Dzuwa likakhala paliwombo, denga ndi boneti zimanyezimira koopsa pamene matayala amira mumdima, ndipo kamera singathe kugwira zonsezi nthawi imodzi. Nchifukwa chake nthawi yabwino ndi m'mawa 8 koloko isanakwane, kapena madzulo 4 koloko itadutsa. Tikudziwa kuti Misa yachiwiri imatha dzuwa litakwera kale. Zikatero tipemphe dalaivala aimike galimoto pamthunzi wa tchalitchi, osati pansi pa mtengo, pakuti masamba amasiya mawangamawanga pathupi lonse la galimoto.

Kuno ku Blantyre tili ndi mwayi. Mwezi wa July ndi wa chiperoni, ndipo mitambo imene timaidandaula chifukwa cha chisanu ndi imene imafewetsa kuwala. Tsiku la chiperoni mtundu wa galimoto umaoneka monga ulili. Mu September ndi October mdani ndi fumbi: tipukute galimoto, tipukutenso diso la kamera ndi kansalu kofewa, popeza foni yogona m'thumba imakhala ndi thukuta la zala.

Nkhani ya poima ndiyo imasiyanitsa wojambula ndi wongodina. Ambiri timaimirira kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, foni ili pamaso, ndiye galimoto imaoneka yaifupi ngati bokosi. Tiime pangodya, pamene tikuona kutsogolo ndi mbali imodzi pamodzi, kenaka tinjute mpaka foni ifanane msinkhu ndi nyali za galimoto. Tisayandikire kwambiri, chifukwa kamera ya foni imatupitsa chimene chili pafupi nkuchepetsa chakutali. Ndi bwino kubwerera mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, nkusiya mpata pang'ono kutsogolo kwa galimoto. Tiyang'anenso zimene zili kumbuyo. Ku Ndirande kuli phiri la Ndirande, ku Chilomoni kuli Michiru, ku Zingwangwa kuli Soche, ku Bangwe kuli phiri la Bangwe. Kusuntha mapazi awiri okha kungachotse dzala kapena mtengo wa magetsi nkuikapo phiri, ndipo woona chithunzi adziwa yekha kumene chinajambulidwa.

Komabe pa mwambo wodalitsa, mwini nkhani si chitsulo ayi. Chithunzi chabwino chimagwira zitatu: dzanja la wansembe, madontho a madzi, ndi nkhope ya dalaivala amene banja lake limadya kuchokera pa galimotoyo. Madontho amaoneka bwino kuwala kukamachokera kumbuyo kwake kapena chakumbali, ndipo kumbuyo kwawo kukakhala koderako. Tisadine kamodzi nkuchoka. Tidine kangapo motsatizana dzanja likamatsika.

Galimoto yoyenda, monga ya akwati kapena yotsogolera mdipiti, imafuna luso lina. Kamera imatsegula diso lake kwa kanthawi kochepa, ndipo mafoni ambiri amalola kusintha kanthawi kameneka pa gawo lolembedwa Pro. Pa 1/500 ya sekondi galimoto imaoneka ngati yaima. Pa 1/60 kapena 1/30, tikamaitsatira ndi kamera mofanana ndi liwiro lake, galimoto imaoneka bwino pamene zakumbuyo zimakokeka, ndipo chithunzi chimaonetsa kuthamanga. Izi zimafuna kuyeserera. Zithunzi zambiri zoyamba zimaonongeka. Poyeserera pabwino ndi pabwalo la parishi, osati m'misewu yopapatiza ya ku Ndirande kapena ku Machinjiri kumene minibasi imaima paliponse. Munthu amene diso lili pafoni saona njinga yamoto ikubwera kumbuyo.

Chatsala ndi chimene chimatikhudza kwambiri monga akhristu. Chikalata cha Inter Mirifica, chimene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa mu 1963, chimaphunzitsa kuti pofalitsa nkhani tiyenera kulemekeza ufulu ndi ulemu wa munthu. Galimoto ili ndi mwini wake, ndipo nambala yake imamuulula. Tipemphe chilolezo tisanajambule, ndipo ngati mwini wake sakufuna kudziwika, tibise nambala tisanatumize chithunzi. Pa zovuta, lole yonyamula anamfedwa tiijambule chapatali, ngati achibale avomera.

Za ngozi zapamsewu tinene mosabisa. Zafala masiku ano kuti minibasi ikagubuduzika, anthu amathamangira kutulutsa mafoni, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake poona chithunzi pa WhatsApp uthenga usanafike pakhomo mwa mwambo wake. Mu 2007 likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa malangizo a utumiki wa pamsewu, ndipo mwa zina limakumbutsa za udindo wothandiza ovulala pangozi. Tikupempha akatekisiti kuti akambe zimenezi m'miphakati ndi m'magulu a achinyamata. Zithunzi za ovulala kapena za mitembo sitidzazilandira pa tsamba lino.

Potumiza zithunzi za mwambo wodalitsa, musankhe zitatu kapena zinayi zokha, muzitumize monga zilili osazichepetsa, ndipo mulembe dzina la parishi, tsiku, ndi dzina la wansembe amene anatsogolera mwambowo.