Kadontho kamene kanatitsekera kompyuta

Tsiku lina ndikuphunzitsa Fomu 3, ndinalemba pa bolodi kuti: Type the password "newton5." Ana anatayipa, kompyuta n'kukana. Anayesanso, osatheka. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kadonthoko titayipenso?" Apo m'pamene ndinaona kuti wolakwa ndinali ine. Ndinali nditaika mpumiro m'kati mwa mitengero, ndiye anawo ankatayipa ndi mpumiro womwe.

Mwina mukuti, mphunzitsi wa Fizikisi zimenezi zikumukhudza bwanji? Pajatu m'sayansi kadontho si kosewera nako. 2.5 ndi 25 si nambala imodzi.

M'Chingerezi muli njira ziwiri zolembera. Aku America amaika mpumiro ndi mpatuliro m'kati mwa mitengero pafupifupi nthawi zonse, ndipo buku lawo lotchuka la Chicago Manual of Style limatero:

The unit of force is called the "newton."

Aku Britain, omwe Chingerezi chawo ndi chimene timatsatira kusukulu kuno ku Malawi, amayamba afunsa kuti kadonthoko n'kandani. Ngati si ka mawu amene mwabwerekawo, kamakhala kunja:

The unit of force is called the 'newton'.

Mwaonanso kuti aku Britain amakonda kamtengero kamodzi mbali iliyonse.

Koma mukamabwereza chiganizo chonse chimene munthu wayankhula, mbali zonse ziwiri zimagwirizana. Mpumiro umalowa m'kati chifukwa ndi wa mwini mawu:

The teacher said, "The wire is hot."

Pa mfunsiro ndi mfuwuliro amagwirizananso. Ongoonani kuti akufunsa ndani:

She asked, "Is the wire hot?"
Did she say "hot"?

Pa chiganizo choyamba, funso ndi la mtsikanayo, choncho mfunsiro uli m'kati. Pa chachiwiri, wofunsa ndinu wolembanu, ndiye uli kunja.

Nkhani zambiri za pa intaneti n'zolembedwa ku America, pomwe mabuku athu amatsamira ku Britain. N'chifukwa chake ambiri mumasakaniza. Polemba chimangirizo, kaya lipoti la zimene mwayesa mu labu, sankhani njira imodzi ndipo muigwiritse mpaka kumapeto. Ine ndimakulangizani ya ku Britain. Musaiwale kuti popanda kukhoza Chingerezi, satifiketi ya MSCE simungaione.

Tsiku lija ndinafufuta kadontho kaja n'kukalemba kunja kwa mitengero. Anatayipanso, makompyuta onse n'kutseguka.