Kachipangizo Kofulumizitsa Laputopu

M'chaka cha 2007 kampani ya Intel inatulutsa kachipangizo kotchedwa Turbo Memory, kochepa ngati bokosi la machesi, kamene kankasunga pafupi zinthu zimene kompyuta imazifuna kawirikawiri, kuti hard disk, imene imazungulira kosalekeza, ipumuleko ndipo batire likhalitse. Koma amene anakayesa pa Windows Vista anapeza kuti phindu lake linali lochepa ndithu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono inu a ku Area 9, amene laputopu yanu ya kaunjika imazengereza kuyaka m'mawa kufikira tiyi atazizira m'kapu, ndikupemphani kuti musatayepo ndalama pa kachipangizo kameneka. Pitani ndi laputopuyo kwa mmisiri ku Old Town, achotse hard disk yakaleyo naikemo SSD, imene ilibe chozungulira m'kati. Ndalama zikatsalako, awonjezerenso RAM.