Kachitsamba ka pa Phiri la Mabu: Mmene Chomera Chimapezera Dzina

Mu Okutobala 2008, gulu la akatswiri a zachilengedwe linakwera phiri la Mabu, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kum'mwera chakum'mawa kwa phiri la Mulanje. Mmodzi mwa iwo anali a Colin Congdon, katswiri wa agulugufe. Atayandikira pamwamba pa phirilo, anaona kachitsamba katamera pa nthambi ya mtengo wina. Iwo anali atayenda m'mapiri a ku Tanzania ndi Malawi kwa zaka zambiri, koma kotere anali asanakaonepo.

Tingadabwe kuti munthu wofufuza agulugufe anaimiranji pa kachitsamba. Chifukwa chake n'chakuti mbozi za agulugufe ena zimadya masamba a zomera za banja limeneli, choncho wofuna gulugufe amayamba waphunzira chakudya cha mbozi yake. Diso lozolowera ndi limene limaona msanga chachilendo.

Nkhalango imene mabuku sankaidziwa

Phiri la Mabu ndi lalitali mamita pafupifupi 1,700. Mu 2005 a Julian Bayliss, amene ankagwira ntchito yoteteza zachilengedwe ku Mulanje, anaona dera lalikulu lobiriwira pa zithunzi za Google Earth. Atapitako anapeza nkhalango yowirira ya mahekitala oposa 7,000. Ulendo waukulu wa 2008 unatsogoleredwa ndi a Jonathan Timberlake a ku Royal Botanic Gardens, Kew, ku England, ndipo munali akatswiri a ku Mozambique ndi a ku Malawi.

Anthu okhala m'munsi mwa phirilo ankaidziwa kale nkhalangoyo, ndipo ena anabisalamo pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Choncho tikamati chomera "chatsopano" sitikutanthauza kuti changomera kumene, kapena kuti palibe amene anachionapo. Tikutanthauza kuti chinali chisanalembedwe m'mabuku a sayansi.

Chitsamba chosafika pansi

Kachitsamba ka ku Mabu kamatalika pafupifupi theka la mita ndipo kalibe ubweya. Ndi ka m'banja lotchedwa Loranthaceae, la zomera zimene ambiri a ife tinazionapo zitamera ngati chisa chobiriwira pa nthambi za mitengo. Zomerazi zimaboola khungwa la mtengo n'kumayamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka umene mtengowo wakoka, koma chakudya zimapanga zokha ndi masamba awo. Mbalame zikadya zipatso za zomera za banjali zimasiya njere zomata pa nthambi, ndipo pomwepo pamamera chitsamba china.

Umodzi mwa mitengo imene kachitsambaka kamamerapo ndi wa m'banja la khofi, wotchedwa Psychotria zombamontana. Dzina la mtengowu likunena za phiri la Zomba.

Kuchoka kuphiri kufika m'buku

Kuona chomera chachilendo ndi chiyambi chabe. Ntchito yaikulu imabwera pambuyo pake, ndipo imafuna kudekha.

Choyamba, akatswiri amadula kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, ndi zipatso ngati zilipo. Masamba okha sakwanira, chifukwa zomera zosiyana kwambiri zimatha kukhala ndi masamba ofanana. Pomwepo amalemba malo enieni, tsiku, kutalika kwa phiri pamalopo, ndi mtundu wa maluwa asanafote. Kenako kanthambiko amakapanikiza pakati pa mapepala, n'kukaumitsa, n'kukamata pa pepala lolimba.

Chachiwiri ndi kuyerekeza. Chitsanzocho chimapita ku nyumba yosungira zomera zouma. Ku Kew kuli zitsanzo pafupifupi 7 miliyoni, ndipo ku Malawi ntchitoyi imachitika ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Katswiri amanyowetsa duwa louma kuti lifewe, amalitsegula pansi pa makina okuzira zinthu, n'kuyeza kachigawo kalikonse. Amaliyerekeza ndi zomera zonse zodziwika zapachibale. Nthawi zambiri amapeza kuti chomeracho chinalembedwa kale ndi munthu wina zaka zambiri zapitazo, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Chachitatu, ngati palibedi chofanana nacho, amalemba maonekedwe ake onse ndi zimene zikuchisiyanitsa ndi zinzake. Amasankha chitsanzo chimodzi chimene chidzasungidwe monga mboni ya dzinalo, kuti aliyense wokayika adzathe kukachiona. Akatswiri ena amaunika zolembazo zisanasindikizidwe. Chaka cha 2012 chisanafike, lamulo linkafuna kuti mawu osiyanitsa chomeracho alembedwe m'Chilatini, koma tsopano Chingelezi chimaloledwanso.

Kachitsamba ka ku Mabu kanadutsa njira yonseyi. Mu 2011, a Timothy Harris, a Iain Darbyshire ndi a Roger Polhill anakalemba m'magazini ya Kew Bulletin ndi dzina lakuti Helixanthera schizocalyx. Panali patadutsa zaka pafupifupi zitatu chikaonereni.

Dzinali lili ndi mawu awiri, motsatira njira imene Carl Linnaeus anakhazikitsa mu 1753. Loyamba lili ngati mfunda, chifukwa limatchula gulu la zomera zapachibale. Lachiwiri ndi la chomeracho pachokha, ndipo pano likutanthauza kung'ambika kwa kachikho kamene kamagwira duwa m'munsi. Nthawi zina mayina otere amachokera m'zilankhulo zathu: nyama ina yatsopano ya ku Mabu inatchedwa Nadzikambia baylissi, ndipo mawu oyambawo anachokera ku dzina la Chichewa la nadzikambe.

Dzina lili ndi ntchito yanji?

Chaka chilichonse mitundu pafupifupi 2,000 ya zomera imapatsidwa mayina padziko lonse. Ina imalembedwa nkhalango yake ili pafupi kutha. Chomera chopanda dzina n'chovuta kuchilowetsa m'kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi, ndipo n'kovuta kupempha boma kuti liteteze chinthu chimene sichinalembedwe paliponse. Kachitsamba ka ku Mabu kanapezeka pa dera laling'ono, komanso moyo wake umadalira mtengo wina. Mtengowo ukagwa ndi nkhwangwa kapena moto, nako kapita. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ngakhale aliyense amaudziwa. Nanga kachitsamba kosadziwika kangapulumuke bwanji?

Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo wathu. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, ndipo mankhwala a khansa ya m'magazi otchedwa vincristine amachokera ku duwa la Catharanthus roseus, limene ambiri timabzala pakhomo. Sitikunena kuti chomera chilichonse chatsopano ndi mankhwala. Koma chikatha tisanachidziwe, palibe amene adzathe kuchifufuza.

Palinso phunziro la pakhomo. Ngati akatswiri amatha zaka akuyeza maluwa asanatsimikize dzina, ifenso tisamafulumire kumwa kapena kumwetsa ana masamba ndi mizu chifukwa choti zikufanana ndi zimene tinauzidwa. Dzina limodzi la kumudzi limatha kutchula zomera zingapo, ndipo ina mwa izo ikhoza kukhala yakupha.

Tikapeza chomera chimene sitikuchidziwa, tisachizule. Tijambule masamba, maluwa ndi zipatso zake, tilembe malo ndi tsiku, tifunse akuluakulu dzina limene amachitchula, kenako tikaonetse alangizi a zankhalango. Ntchito yonse ya ku Mabu inayamba ndi munthu mmodzi amene anaima n'kuyang'anitsitsa nthambi.