Chilango Chimakula Pomwe Wolakwa Alibe Dzina

Pabwalo la nyakwawa ku Kabudula kapena ku Nsaru, munthu amene ng'ombe zake zadya chimanga cha mnzake salangidwa kuti amve kuwawa. Amabweza chimangacho, mwinanso kuwonjezapo nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso, eni mbumba a mbali zonse ali pomwepo, chifukwa mawa awiriwa adzakumba manda limodzi. Bwalo limafunsa chomwe chawonongeka ndi woyenera kuchikonza, ndipo mlandu umatha wolakwiridwa akati mtima wakhala pansi. Ku Rwanda anatsamira nzeru yomweyi: makhoti a gacaca anaweruza milandu yoposa 1.9 miliyoni yokhudza kuphana kwa mu 1994, ndipo ovomera kulakwa ankawachepetsera chilango. Ku America, komwe ambiri amati chilungamo n'chakuti wolakwa aone zomwe anaonetsa anzake, anthu pafupifupi 2 miliyoni ali m'ndende.

Tisanadzitame, tikumbukire za ku Nsundwe. Pa 8 Okutobala 2019, gulu la anthu linagenda wapolisi Usumani Imedi mpaka kumupha. Apolisi pobwezera analowa m'midzi ya Nsundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, kumene amayi ndi atsikana anagwiriridwa, ndipo mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo alandire chipukuta misozi. Mbali zonse sizinkalanga munthu wodziwika pa mlandu wodziwika. Ogenda ankaona yunifolomu, obwezera ankaona "a ku Nsundwe". Chilungamo chikangotanthauza kubwezera, wolakwa n'kusanduka gulu, palibe amene amati basi zakwana.

Ena amati chipepeso chimalera mbava, ndipo wakuba mbuzi akaperekedwa kupolisi amatuluka pa belo mwini mbuzi asanafike kwawo. Ena amati bwalo la mfumu limakondera abale ake ndi kutseka amayi pakamwa. Dandaulo lawo n'lomveka, ndipo kupha kapena kugwirira si milandu yothera pa mbuzi. Koma likusonyeza kuti anthu amatola miyala akataya chikhulupiriro mwa oweruza, osati chifukwa zilango n'zochepa. Khoti litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti si wopha aliyense woyenera kunyongedwa, akaidi ambiri anaweruzidwanso n'kubwerera kwawo. Mafumu a midzi yomwe inawalandira atafunsidwa, ochuluka kwambiri anakana chilango cha imfa. Choncho chofunika ku Nsundwe si ndodo yokulirapo, koma bwalo loweruza msanga, loitana wolakwa ndi dzina lake, kaya ndi wakuba mbuzi kapena wapolisi.