Mesho wanu munamuona liti?

Mwezi wathawu ndinali ku maliro ku Ntcheu. Malemuwo tinkagona nawo holo imodzi ku Chancellor College, ku Zomba, kuyambira mu 1990 mpaka 1994. Uthenga utangomveka, ife anzawo a m'holo tinasonkha ndalama mwachangu. Pasanathe masiku awiri bokosi linagulidwa, galimoto yonyamula thupi inapezeka, ufa ndi ndiwo zinafika pasiwa. Tinaima pansi pa mtengo wa mango titavala masuti athu, mumtima tikudziyamikira kuti ubale wa ku Chirunga sunafe.

Mwambo utatha, mayi wamasiye anabwera kudzatithokoza. Anagwada mwaulemu, kenaka ananena motsitsa mawu: "Alamu, mwagwira ntchito. Komatu anzanuwa adwala zaka ziwiri. Galimoto tinagulitsa, ana awiri anasiyira sukulu panjira. Ndalama mwasonkhazi zikanabwera chaka chatha, kaya."

Palibe anayankha. Tonse tinangoyang'ana nsapato zathu. Zoti munthuyo amadwala sitinkadziwa, chonsecho nambala yake ya foni aliyense wa ife anali nayo.

Amene simunagoneko m'maholo a kukoleji mwina mukudabwa kuti anthu a imvi amakakamiriranji ubwenzi wa zaka 30 zapitazo. Ndikuuzeni. Chancellor College itasamuka ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973, ophunzira ankachokera m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika chaka choyamba mnzako wogona naye chipinda chimodzi sunkasankha wekha. Mnzakoyo tinkamutcha mesho. Mwana wa ku Nsanje ankapezeka ali ndi mesho wa ku Chitipa, Mlomwe wa ku Mulanje ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, Msilamu wa ku Mangochi ndi mwana wa m'busa wa ku Nkhoma. Sopo anali mmodzi, simbi imodzi, polishi wa nsapato mmodzi. Wina akadwala malungo, mesho ndiye ankapita ku kafe kukamutengera nsima ndi nyemba. Kalata yokanidwa ndi chibwenzi ikafika, woyamba kuiona anali mesho yemweyo.

Komanso musaiwale nthawi yake. Masiku amenewo khoma linali ndi makutu. Mphunzitsi wa pakolejipo, a Jack Mapanje, anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka mu 1991 osazengedwa mlandu. Ife ana asukulu tinkaona zimenezi n'kuphunzira kutseka pakamwa. Koma usiku, chitseko chitakhomedwa, wailesi ya BBC ikulankhula chapansipansi, munthu unkanena zakukhosi pamaso pa mesho wako. Iye akanafuna akanakugulitsa, koma sanatero. Mu Malichi 1992, ma episkopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, ophunzira anaguba m'tauni ya Zomba kuwaikira kumbuyo, koleji n'kutsekedwa. Amene munaguba naye phewa ndi phewa tsiku limenelo simungamuiwale.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinaonetsa dziko logawikana patatu: Kumwera kwa a Bakili Muluzi, Pakati kwa a Kamuzu Banda, Kumpoto kwa a Chakufwa Chihana. M'holo mwathu tinkakangana za zipanizi mpaka tambala woyamba, m'mawa n'kubwerekana mankhwala otsukira mano. Ngati pali malo amene Amalawi anaphunzira kuti munthu wa chigawo china ndi munthu ngati iwe, ena mwa malowo ndi tizipinda timeneti ta mabedi awiri.

Titamaliza maphunziro tinabalalika. Ena analowa m'boma ku Capital Hill, ena uphunzitsi m'masekondale a kumidzi, ena anapita ku Botswana, ku Joni ndi ku Mangalande. Poyamba tinkalemberana makalata, kalata kuyenda milungu iwiri. Kenaka nkhani za anzathu tinayamba kuzimvera pa mauthenga achisoni a wailesi ya MBC. Zinali zaka za Edzi, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo m'badwo wathu unaika anthu ambiri m'manda. Mwina ndi pamenepo pamene tinazolowera zoti anthu a holo imodzi amakumana pamaliro.

Lero zinthu zinaphweka. Foni ili m'thumba, ndipo pafupifupi holo iliyonse, chaka chilichonse, ili ndi kagulu kake kouzana nkhani. Koma tamvetserani nkhani zimene timauzanazo. Uje wakwezedwa pantchito. Uje watenga digiri yachitatu. Mwana wa uje akukwatiwa Loweruka, musaiwale pelekanipelekani. Uje wamaliza nyumba ku Area 43. Zonsezi ndi zabwino, ndipo timaomba m'manja ndi mtima wonse. Kenaka tsiku lina m'mawa: uje watisiya.

Nanga zapakatipo zili kuti? Ndani analembapo kuti "anzanga, ntchito yandithera, miyezi isanu ndi umodzi tsopano"? Ndani ananenapo kuti banja latha, kapena mowa wamugwira pakhosi, kapena adokotala amupeza ndi matenda a impso? Palibe. Munthu zikamuvuta amangokhala chete. Chaka choyamba timati watanganidwa. Chaka chachiwiri timati amanyada. Chaka chachitatu timamuiwala, mpaka tsiku losonkha za bokosi.

Chimatseka anthu pakamwa ndi manyazi, ndipo manyaziwo tinawabzala tokha. M'zaka zathu zija opita ku yunivesite anali ochepa kwambiri, moti mudzi wonse unkadziwa kuti kwa auje kuli mwana wa digiri. Munthu wotere amayenera kupatsa, sayenera kupempha. Makampani aboma atayamba kugulitsidwa cha m'ma 1996, anthu ophunzira bwino ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo ena sanadzukenso. Kodi munthu wotere abwera bwanji pamkumano wa pahotela pomwe funso loyamba ndi lakuti "ukugwira kuti masiku ano"? Palinso anzathu amene anawidedwa, kutanthauza kuchotsedwa pakoleji chifukwa cholephera mayeso. Tinadya nawo mbale imodzi zaka ziwiri, koma pa mndandanda wathu maina awo mulibe, ngati kuti ubale unali wa satifiketi.

Ena anena kuti aliyense ali ndi mavuto ake, ndipo n'zoona. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale amene timati zawo zikuyenda akulira ndi fizi ya ana komanso abale kumudzi. Sindikunena kuti tisenze mabanja a anzathu onse. Koma ngati tingathe kupeza ndalama ya bokosi m'masiku awiri, ndiye kuti ndalama ya mankhwala tikanaipezanso. Chimene chinasowa ku Ntcheu kuja si ndalama ayi. Chinasowa ndi munthu mmodzi woimba foni n'kufunsa kuti "achimwene, mwangoti zii, kwagwanji?"

Pempho langa ndi laling'ono. Aliyense afunefune mesho wake. Ameneyo yekha basi, chifukwa tonse tikatero palibe amene atsale. Mukamupeza musayambe ndi funso la ntchito. Mufunseni za thupi, za ana, za mayi ake aja ankakutumizirani mtedza ndi mbatata. Ndipo a makomiti amene mumasunga thumba la maliro, tsegulaninso thumba la odwala, losungidwa mwachinsinsi ndi anthu awiri kapena atatu, kuti wovutika asachite kudzionetsa pagulu. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sanati udikire apse yense kuti ukaole phulusa.

Koleji yathu ija inasintha. Kuyambira mu 2021 dzina loti Chancellor College linachoka, pano ndi University of Malawi payokha, ndipo ophunzira ambiri amachita lendi tizipinda kwa Chikanda chifukwa malo m'maholo ndi ochepa. Makomawo tsopano ndi a ana ena. Chathu chimene chinatsala ndi anthu amene tinagona nawo m'menemo, ndipo akuchepa chaka ndi chaka.

Ine nditabwerako ku maliro kuja ndinayamba ndi ine mwini. Mesho wanga, mnyamata wa ku Rumphi, ndinali nditatha zaka zisanu ndi zitatu osamva mawu ake. Ndinafunsa anthu anayi ndisanapeze nambala. Uphunzitsi anasiya, akulima kumudzi, maso akumuvuta chifukwa cha shuga. Atazindikira mawu anga anaseka nthawi yaitali, kenaka anati: "Mesho, ine ndimayesa udzabwera ndi nkhata."

Ndikupita kukamuona mwezi wamawa. Wanu ali kuti?