Wothandiza Mphunzitsi M'kalasi

Kodi munayamba mwasuzumirapo m'kalasi ya Sitandade 1 nthawi ya m'mawa? Ngati simunatero, tsiku lina mukaone. Mukapeza mphunzitsi mmodzi ali kutsogolo, choko chili m'manja. Ana ali mbwee pansi. Wina akulira chifukwa mnzake wamulanda pensulo. Wina akufuna kupita kuchimbudzi. Wina kumbuyo uko wagwira buku mozondotsa ndipo palibe amene wamuona. Mphunzitsi ali ndi maso awiri ndi manja awiri basi. Nanga atani?

Vuto limeneli linakula kuno ku Malawi m'chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulaimale. Ana asukulu anali ochepera pang'ono 2 miliyoni. M'kanthawi kochepa anafika pa 3 miliyoni. Mpaka lero si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya ana aang'ono.

M'maiko ena anaganiza zoika munthu wamkulu wachiwiri m'kalasi. Munthu ameneyu si mphunzitsi ayi. Ntchito yake ndi kuthandiza mphunzitsi. Tiyeni tione za dziko la England, kumene ntchito imeneyi inayamba kale ndipo anthu anaifufuza bwino lomwe. Zimene anapeza kumeneko n'zofunika kuti ifenso makolo tizidziwe.

Mmene ntchitoyi inayambira

M'chaka cha 1967 bungwe lina limene ankalitsogolera mayi Bridget Plowden linalemba lipoti la sukulu za pulaimale za ku England. Mwa zina, lipotilo linati aphunzitsi a ana aang'ono apatsidwe anthu owathandiza. Poyamba othandizawo anali ochepa, ndipo ntchito yawo inali yamanja: kutsuka ziwiya zojambulira, kukonza m'kalasi, kumanga tizilonda ta ana.

Zinthu zinasintha chifukwa cha ana olumala ndi ana amene amavutika kuphunzira. Kale ambiri mwa ana otere ankawatumiza ku sukulu zawozawo. M'chaka cha 1978 bungwe la mayi Mary Warnock linati ana otere, ngati n'kotheka, aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Lamulo lake linatuluka mu 1981. Tsono mwana wosamva, kapena woyenda pa njinga ya olumala, akalowa m'kalasi ya ana 30, pamafunika wina wokhala naye pafupi. Apo ndiye othandiza anayamba kuchuluka.

Mu Januwale 2003 boma linagwirizana ndi mabungwe ambiri a aphunzitsi kuti mphunzitsi asamataye nthawi ndi ntchito zimene si zophunzitsa. Analemba ntchito zoposa 20 zoti amuchotsere, monga kutolera ndalama kwa ana, kusindikiza mapepala ambirimbiri ndi kupachika zithunzi m'makoma. M'chaka cha 2000 othandiza aphunzitsi ku England sankafika 100,000. Pofika 2020 anali atapitirira 250,000. Mwa othandiza 10 alionse, 9 ndi amayi. Ambiri anayamba ngati makolo ongodzipereka pa sukulu ya ana awo.

Tsiku lake limayenda bwanji?

Wothandiza amafika ana asanalowe. Amafunsa mphunzitsi zimene aphunzitse tsikulo. Amayala mabuku, amasongola mapensulo, amakonza zowerengera masamu. Ana akamafika amawalandira pakhomo. Apa m'pamene amaona mwana amene wabwera ali ndwii, kapena amene thupi latentha, n'kumunong'oneza mphunzitsi.

Phunziro likayamba, mphunzitsi amakhala kutsogolo, wothandiza amakhala pakati pa ana. Amene akusewera amamukodola kuti amvetsere. Amene sanamve amamubwerezera pang'onopang'ono. Nthawi yolemba ikakwana amakhala ndi kagulu ka ana anayi kapena asanu. Nthawi zina amatenga mwana mmodzi, n'kukhala naye pakona kuti amumvetsere akuwerenga. Pa nthawi yopuma amayang'anira ana pabwalo. Wagwa, amamutsuka pachilonda. Amenyana, amawaleretsa. Kamwana kadziipitsira, amakathandiza mosakachititsa manyazi pamaso pa anzake.

Ena amalembedwa chifukwa cha mwana mmodzi yekha wolumala. Amamuthandiza kuyenda, kudya, kapena kulankhula ndi manja ngati ali wosamva.

Ana akaweruka, ntchito imene yatsala ndi yaikulu ngakhale imaoneka yaing'ono. Wothandiza amauza mphunzitsi zimene waona: uje lero wawerenga tsamba lonse yekha, uje akusokonezabe b ndi d. Mphunzitsi sangaone zonsezi ali kubolodi.

Malire a ntchito yake

Amene amasankha zoti ana aphunzire ndi mphunzitsi. Amene amayankha mwana akapanda kukhoza ndi mphunzitsi yemweyo. Wothandiza amatsata zimene mphunzitsi wakonza. Alipo ena amene anaonjezera maphunziro, ndipo amaloledwa kugwirizira kalasi yonse kwa kanthawi mphunzitsi akachokapo. Koma ngakhale iwowo amagwira ntchito pansi pa mphunzitsi.

Saloledwa kumenya mwana. Ku England mkwapulo unaletsedwa m'sukulu za boma ndi lamulo la 1986. Saloledwanso kutulutsa nkhani za ana kunja kwa sukulu. Zoti mwana wa uje ndi wofooka pa masamu si zokakamba kumsika kapena kuchitsime.

Koma pali chinsinsi chimodzi chimene saloledwa kusunga. Ana amazolowerana kwambiri ndi wothandiza chifukwa amakhala nawo pansi, samuopa ngati mmene amaopera aphunzitsi. Tsono mwina mwana angamuuze kuti kunyumba wina akumuchita zoipa, n'kumupempha kuti asauze munthu. Wothandiza asalonjeze kuti akhala chete. Amvetsere modekha, asamupanikize mwanayo ndi mafunso, ndipo tsiku lomwelo akauze mkulu amene sukulu inamuika kuti aziona za chitetezo cha ana. N'chifukwa chakenso munthu asanayambe ntchitoyi ku England amayamba amufufuza ngati anapalamulapo mlandu wokhudza ana.

Digiri safuna ayi. Kawirikawiri amafuna munthu wokhoza Chingerezi ndi masamu a ku sekondale, wodekha ndi wokonda ana. Malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi a mphunzitsi, ndipo ambiri amalipidwa masabata okhawo amene sukulu ili yotsegula.

Zimene ofufuza anapeza

Apa ndiye pali nkhani. Kuyambira 2003 mpaka 2009, Pulofesa Peter Blatchford ndi anzake a ku Institute of Education mumzinda wa London anafufuza ntchito ya othandizawa. Anatsatira ana oposa 8,000. Aphunzitsi anawauza kuti othandiza amawapepukitsira ntchito, ndiponso kuti m'kalasi mumakhala bata. Izi zinali zoona ndithu.

Koma ataona mmene ana ankakhozera, anthu anadabwa. Ana amene ankathandizidwa kwambiri ndi wothandiza ndiwo ankapita patsogolo pang'ono. Mwina munena kuti, "Nanga si anali ofooka kale?" Ofufuzawo anaiganizira imeneyo. Anayerekeza ana ofooka ndi ana anzawo ofooka chimodzimodzi. Amene ankakhala kwambiri ndi wothandiza anatsalirabe m'mbuyo.

Kodi othandizawo anali aulesi? Iyayi. Ambiri ankagwira ntchito mpaka kupitirira nthawi yawo popanda malipiro. Cholakwika chinali mmene sukulu zinkawagwiritsira ntchito.

Taganizani. Mphunzitsi akaona kuti pali wothandiza, amati, "Tengani ana ofookawa mukhale nawo uko, ine ndipitirize ndi enawa." Lero choncho, mawa choncho, chaka n'kutha. Mapeto ake mwana amene akufunika mphunzitsi kuposa anzake onse ndiye amene sakumana naye. Zili ngati kuchipatala dokotala aziona odwala chimfine, amene ali kayakaya n'kuwasiyira womuthandiza.

Chinanso, othandizawo ankalowa m'kalasi osadziwa zimene ziphunzitsidwe. Panalibe nthawi yoti akhale pansi ndi mphunzitsi. Ankamvera limodzi ndi ana, kenako n'kuyembekezeka kufotokozera ana omwewo. Aphunzitsi ambirinso anali asanaphunzitsidwepo kagwiridwe ka ntchito ndi munthu wamkulu mnzawo m'kalasi.

Koma chachikulu, mmene ine ndikuonera, chinali chifundo. Wothandiza akaona mwana akuvutika, mtima umamupweteka. Amafuna kuti mwanayo atsirize ntchito pamodzi ndi anzake. Ndiye amamuuza yankho, mwinanso kumumalizira chiganizo. Kope limadzaza ndi zokhoza zokhazokha, mphunzitsi amachonga, makolo amasangalala. Koma m'mutu mwa mwana simunalowe kanthu. Choipa kwambiri, mwanayo amazolowera kuti akangokhala phee, wina abwera kudzamuchitira.

Kuthandiza mwana osamuchitira

Inu amene mwaphunzira kulemba muli aakulu kale mukuidziwa bwino nkhani imeneyi. Kumbukirani tsiku limene munalemba dzina lanu koyamba. Dzanja linkanjenjemera, zilembo zinali zokhotakhota. Alangizi akanati azikugwirani dzanja tsiku ndi tsiku, kodi lero bwenzi mukusaina nokha kubanki?

Mu 2015 bungwe la Education Endowment Foundation linatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito kabwino ka othandiza aphunzitsi. Mfundo yake ina ndi yakuti wothandiza ayambe ndi thandizo laling'ono, azionjezera pokhapokha mwana akalepheradi.

Tiyerekeze kuti mwana wapatsidwa samu iyi: 8 kuphatikiza 5. Wangoti duu. Wothandiza wabwino amayamba wadikira. Kudikira kumeneku n'kovuta, koma nthawi zambiri mwana amakhala akuganiza. Akaona kuti sizikuyenda amamufunsa, "Kodi uyambira pati?" Zikakanikabe amamukumbutsa, "Dzulo paja tinawerengera chiyani?" Mwana amakumbukira timiyala, n'kutitenga. Ngati wasokonezekabe, wothandiza amamuonetsa samu ina yofanana nayo, monga 7 kuphatikiza 4, akulankhula mokweza zimene akuchita. Akatero amamubwezera samu yake ija kuti ayese yekha. Kumuuza kuti yankho ndi 13 n'komalizira penipeni.

Njira imeneyi imadya nthawi. Mwana angathe kuchita masamu atatu okha pamene anzake achita 10. Palibe kanthu. Atatuwo ndi akeake.

Malangizowo anatinso mphunzitsi ndi wothandiza azisinthana. Tsiku lina mphunzitsi akhale pansi ndi ana ofooka, wothandiza azizungulira pakati pa ana amene akutha okha. Ndipo anapeza kuti wothandiza akaphunzitsidwa bwino njira imodzi, monga yothandizira kuwerenga, n'kumakhala ndi kagulu kochepa kwa mphindi zowerengeka kangapo pa sabata, ana amapita patsogolo ngati kuti aonjezeredwa miyezi itatu kapena inayi ya sukulu. Munthu ndi yemweyo, chasintha ndi kagwiridwe ka ntchito.

Nanga kuno kwathu?

Ku England lamulo limati kalasi ya ana a zaka 5 mpaka 7 isapitirire ana 30 pa mphunzitsi mmodzi. Zathu kuno n'zosiyana kutalitali, ndipo m'sukulu zambiri za boma mulibe munthu wolembedwa ntchito imeneyi. Musasokoneze ndi aphunzitsi othandizira amene mumawamva. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi enieni amene anatsiriza maphunziro awo ku koleji koma akudikira kuti boma liwalembe. Anzathu a ku South Africa anayesako. Kuyambira mu Disembala 2020 boma lawo linatumiza achinyamata pafupifupi 300,000 m'sukulu kwa miyezi ingapo, ena othandiza m'kalasi, ena ogwira ntchito zapabwalo.

Komabe anthu othandiza alipo ndithu m'midzi mwathu, ngakhale alibe dzina la udindo. Pali mnyamata wa Fomu 4 amene komiti ya sukulu imamupatsa kangachepe. Pali amayi a m'gulu la amayi apasukulu, amene amalondola atsikana ojomba. M'sukulu zimene si za boma ndi m'sukulu za mkombaphala muli anthu ambiri ogwira ntchito yotereyi.

Ngati m'kalasi ya mwana wanu muli munthu wotere, ndipo mwanayo ndi wovutika pa maphunziro, pitani mukacheze ndi aphunzitsi mwaulemu. Mukafunse kuti pa sabata mwana wanu amakhala kangati ndi mphunzitsi mwini wake. Mukafunsenso ngati awiriwo amakhala pansi kukambirana ana asanalowe. Madzulo kunyumba tsegulani kope lake. Mukapeza zokhoza zokhazokha musafulumire kuombera m'manja. Sankhani samu imodzi, muilembe papepala lina, mumupatse timiyala kapena nyemba, inu manja kumbuyo, muone ngati aipeze yekha.